Amakaniko Ozimitsa Injini Italira Kale

Pabwalo laling'ono la ndege pali amakaniko ena achikulire amene sathamanga ngakhale mvula iwapeze panja. Sikuludiraiva sichoka m'thumba lawo la malaya, ndipo akamamvetsera injini amatsinzina ngati akupemphera. Ukawafulumizitsa amangoti, "Ndamva," n'kupitiriza momwemo.

Tsiku lina mayi wachitsikana, woyandikana nawo nyumba, anafika ndi khanda lobanika loti lithamangitsidwe kuchipatala chachikulu. Ndege inali itangotera kumene, injini ikadali yotentha, ndipo inakana kulira.

"Mafuta awira m'mapaipi," anatero amakaniko, n'kukhala pampando wa woyendetsa ndege. Anayamba apopa ozizira, n'kuyesanso. Injini inatsokomola, kenako inalira. Mayi uja akuti akwere, anaona akuluwo akukoka kachitsulo kofiira pang'onopang'ono mpaka injini inazima.

"Agogo, mwaizimitsiranji?" anakuwa. "Simukumuona mwanayu?"

"Ndimafuna ndimve kazimidwe kake, mwanangu. Yabwino imakweza mawu pang'ono isanazime. Iyi yangoti zii. Ikumwa mafuta ochepa, ikanakuzimirani potera."

Anatsegula chivundikiro cha injini n'kupotoza kasikulu ka mafuta kamodzi, mayiyo maso ali pa kachifuwa ka mwana. Anailizanso, n'kuizimitsanso. Ulendo uno inakweza mawu isanakhale chete. Anagwedeza mutu, anailiza kachitatu, n'kupatsa woyendetsa ndege mpando wake.

"Kwerani msanga," anauza mayiyo. "Mukuchedwetsa mwana."

Mwanayo pano akuthamanga pakhomo. Mayi ake amawapatsa moni amakanikowo m'mawa uliwonse, mwaulemu ndithu, koma mpaka lero sanawakhululukire.