Dengu Loyenda Lokha

Mpaka lero ndikakhala pamsika wa Masambanjati ndi nthochi zanga, pamapezeka wina wondiyang'ana kawiri n'kuyamba: "Kodi si inu munali akazi a woyimba uja wa bandi ya pa esiteti? Eee, koma inali bandi ija! Sinkabwereza nyimbo. Bambo aja ankangotsinzina, nyimbo n'kutsika yokha." Ine ndimangoti, "Mukugula nthochi kapena mukunditchingira makasitomala?" Ndikati ndiyankhe zenizeni, nthochi zingawole ndisanamalize.

Bandi yotchukayo inali ya anthu anayi, onse antchito a pa esiteti ya tiyi pomwe ine ndinkathyola. Amuna anga, amene ntchito yawo inali yodulira tiyi, ndiwo anali oyimba, gitala ili pamimba. Mlonda wa ku fakitale ankakhalira babatoni, chigitala chachikulu cha chingwe chimodzi chija. Woyendetsa thirakitala anali pang'oma. Wachinayi anali mlamu wake wa mlondayo, munthu wamkulu ndi ndevu zake, amene sankadziwa kuyimba chilichonse, koma popeza batire ndi sipika zinali zake, ankamuimika kutsogolo ndi maseche atavala magalasi akuda.

Ankayimba Lamlungu masana pabwalo, mpira ukangotha. Anthu ankachokera kutali, ena mpaka ku Kapichi, ati kudzaona bandi yosadziwika komwe ikupita. Amayamba ndi kolasi ya kutchalitchi, pakati n'kusanduka rege, musanazolowere mwapezeka muli m'tchopa cha makolo athu Alhomwe, kenaka manganje osangalatsa anzathu achisilamu a minibasi. Anthu n'kumati, "Luso, luso!" Luso lanji? Ine ndinkakhala nawo anthuwa, ndinkawaphikira tiyi akamayeserera. Mlonda uja ankaiwala komwe nyimbo ikulowera chifukwa cha tulo. Wang'oma ankadziwa liwiro limodzi lokha, la thirakitala yotsika mtunda. Chingwe cha gitala chikaduka, amuna anga ankakuwa mawu ena kuti abise manyazi, enawo n'kutsatira. Zimene anthu ankazitcha kusinthasintha zija kunali kusochera, kungoti ankasochera onse pamodzi atamwetulira.

Koma chimene chinawapatsa dzina ndi mawu. Lamlungu lililonse ankayimba zimene zachitika pa esiteti sabata yomweyo. Kapitawo akathawa chingwe poyesa njoka n'kugwera m'ngalande, Lamlungu zili m'nyimbo. Mayi wina akapeza nsapato za mwamuna wake pakhomo la eni, zili m'nyimbo. Amuna anga ankaima pakati pa bwalo, kukweza dzanja kuti ng'oma zitsike, kutsinzina, kugwedeza mutu ngati akumva kuwawa, kenaka n'kutulutsa vesi. Azimayi nthungululu, azibambo mafoni m'mwamba. Ati mzimu wa nyimbo wawatsikira.

Mzimuwo ndinali ine. Tsiku lililonse ndikaweruka, ndikangomasula pulasitiki ya m'chiuno n'kuyamba kutsuka matope kumapazi, iwo anali atakhala kale pakhonde. "Mayi, kumunda kwagwa zotani lero?" Ine pakamwa panga sipachedwa, ndinabadwa choncho. Ndinkafotokoza, kuthira mchere, kuyerekeza mayendedwe a kapitawo, iwo akuseka mpaka kutsokomola. Lachisanu ndi Loweruka mumawamva kubafa akubwereza mawu anga omwewo, osachotsa, osawonjezera. Sopo kutha, madzi kuzizira, munthu akuloweza zoti akapeke mwadzidzidzi Lamlungu.

Ndisaname, zinkandikoma. Ndinkaima kumbuyo kwa gulu, mwana kumsana, n'kumamva bwalo lonse likuseka mawu amene ndinawanena ndili ndi phazi limodzi m'beseni. Palibe ankadziwa, ndipo kusadziwa kwawoko kunkandikomanso. Ndinkawayang'ana akuvina n'kumati mumtima, vinani, zitsiru inu.

Khoma limodzi ndi ife, pa laini ya nyumba za antchito ya kumtsinje, pankakhala mayi wina wamkulu kwa ine, amene ndinkamuitana kuti achemwali. Ndiwo anandiphunzitsa kuthyola nditangofika: masamba awiri ndi kansonga, manja onse awiri, osayang'ana dengu. Amuna awo anali wothyola wolembedwa ntchito yokhazikika, iwo anali a sizoni, olembedwa mvula ikayamba n'kuchotsedwa ikatha. Tsono nyumba za pa laini si za munthu, ndi za nambala. Wokhazikika aliyense ali ndi nambala yake, ndipo nambala ikasiya kuoneka pasikelo, makiyi amabwerera ku ofesi.

Chaka china amuna a achemwali anagwa m'munda, mbali imodzi ya thupi n'kuuma. Anagona kuchipatala, anabwerera, masiku odwalira amene ofesi imalola anatha, munthu asanayambe n'kugwira supuni yomwe. Ana atatu anali pa sukulu ya pa esiteti. Kwawo ku Thekerani kunalibe nyumba, kunali kamunda kokha komwe abale anali atakagawana kale. Nambala ija ikanangozima, banja lonse linali panja, mvula ili pakati.

Palibe amene anaitanitsa msonkhano. Tsiku lina m'mawa tinangoona achemwali abwera ndi madengu awiri, limodzi kumsana, lina aliika pansi pa mtengo wa mthunzi kumapeto kwa mzere. Mayi wina podutsa anaponyamo manja awiri a tiyi. Wina anachitanso chimodzimodzi. Pofika nthawi ya sikelo dengu linali litadzaza. Kalaliki anaitana nambala ya wodwala uja osadzutsa mutu, achemwali anakoleka dengu pasikelo, iye analemba. Kapitawo nthawi imeneyo anapeza chinthu chofunika kwambiri choti ayang'ane kumitambo. Zinayenda choncho sabata ndi sabata, gulu lathu lonse lothyolera limodzi, anthu okonda miseche, litatseka pakamwa. Ngakhale kumpopi, komwe timanyozana mpaka za m'chipinda, nkhani imeneyi sinkatchulidwa.

Ine ndinapirira masabata atatu. Koma abale, inali nkhani yokoma kuposa zonse zimene ndinafotokozapo, ndipo mawu ake ankandiyabwa. Tsiku lina phazi lili m'beseni, funso lija litabwera, ndinati, "Pa gulu pathu pali dengu loyenda lokha. Mwini wake ali gone pamphasa, dengu ladzuka, dengu lathyola, dengu lakwera sikelo." Amuna anga anaomba m'manja. Ine ndinazindikira pomwepo chimene ndachita, ndinatulutsa phazi m'madzi n'kuwaloza chala.

"Koma iyi yokha, bambo, musayerekeze. Mukayimba, anthu awa atuluka m'nyumba."

"Aaa, mayi, mukundiyesa mwana? Ine ndimadziwa choyimba ndi chosayimba."

Sabata ya Khirisimasi esiteti inakonza phwando la antchito, masana, pabwalo lomwe lija. Manijala anali watsopano, Mmalawi mnzathu wochokera kutauni, wachinyamata, wokonda malamulo, woyenda ndi kabuku m'thumba la malaya. Bandi inapatsidwa mayiki enieni tsiku limenelo, ndipo wamagalasi uja anabwereka jekete. Anayimba, anasochera monga mwa masiku onse, anthu anakuwa kuti luso. Mavesi amene ndinawapatsa sabata imeneyo anali atatu: la ng'ombe yolowa m'nazale, la mlonda wogwidwa akugona, la kalaliki wofunsira akazi awiri pachibale. Onse anawatulutsa motsinzina, limodzilimodzi, thumba n'kutha.

Ndipamene manijala anadzuka pampando, botolo m'manja, n'kutenga mayiki. "Achimwene, ndamva mbiri yanu, ati mumapeka pompopompo. Izi mwayimbazi mwina munakonzeratu. Ndipekereni ina panopa, ya esiteti yanga, imene munthu sanaimvepo." Bwalo lonse linakuwa, aliyense akunyadira kuti bwana aona lero.

Amuna anga anakweza dzanja, ng'oma zinatsika. Anatsinzina. Babatoni inazungulira kamodzi, kawiri, katatu. Anagwedeza mutu. Inazunguliranso. Thukuta linayamba kutsika m'khosi, anthu akunong'onezana kuti mzimu wa lero ndi waukulu. Ine ndinkadziwa kuti m'mutu umo muli mdima wokhawokha. Munthu wina aliyense akanayimba za mvula, za mapiri, za tiyi wobiriwira amene anali atatizungulira mbali zonse. Ngakhale kungobwereza kuti bwana, bwana, zikanakwana. Koma munthu uyu chibadwire sanapekepo mzere umodzi. Anatsegula diso limodzi n'kundifunafuna m'gulu. Atandipeza ndinapukusa mutu mwamphamvu. Iwo anatsinzinanso, n'kuyamba:

Dengu, dengu loyenda lokha,
mwini wake ali gone pamphasa,
dengu ladzuka, dengu lathyola,
dengu lakwera sikelo!

Mayo ine. Wang'oma, amene luso lake lonse linali kukuwa mafunso pakati pa nyimbo, anakuwa, "Lili kuti dengulo?" Ndipo chitsiru changa, chitamva kukoma kwa nthungululu, chinayankha pamayiki, "Laini ya kumtsinje, khoma limodzi ndi ine!"

Anthu a magulu ena sankadziwa kanthu, anangoti ndi nthabwala za ufiti, anavina fumbi kobo. Bandi inaitembenuza kukhala rege, inaitembenuza kukhala tchopa, inaibwereza mpaka ana ataloweza. Manijala nayenso anavina, akuseka. Kenaka ndinamuona akuchepetsa mapazi. Anali ataona kuti pakona imodzi ya bwalo pali azimayi ambirimbiri amene angoima, osavina, osaseka, onse ayang'ana pansi. Pakati pawo panali achemwali, atagwira mbale ya mpunga imene anakulunga m'nsalu kuti akapatse wodwala. Manijala anatulutsa kabuku kaja.

Kunyumba ndinawalalatira mpaka mawu kusasa. Iwo ati, "Ine ndimatamanda chikondi cha gulu lanu, simunamve mmene anthu anakondwera? Komanso mayi, mzimu wa nyimbo ukabwera sungauletse." Ndinati, "Mzimu wake uti? Mukundiuza ine za mzimu? Mzimu wanu umatsuka mapazi pakhonde pano tsiku lililonse!" Anatenga gitala n'kupita kwa mlonda, ati m'nyumba muno munthu waluso samvetsedwa.

Tsiku loyamba kubwerera kuntchito, manijala anali ataima pambali pa sikelo. Dengu lija linali pansi pa mtengo, lodzaza theka, chifukwa ena anachita mantha kuponyamo. Kalaliki anaitana nambala ya wodwala uja. Achemwali akanatha kungokhala chete, koma anayenda, ananyamula dengu, analikoleka. Manijala anafunsa kuti mwini nambala ali kuti. Iwo anati, "Ali kunyumba, bwana, ali gone." Kalaliki analandira kalata ya chenjezo, kapitawo anamusamutsira ku gawo lina, ndipo banja lija linapatsidwa sabata imodzi.

Loweruka m'mawa kunabwera thirakitala kudzatenga katundu kukamusiya kumsewu wa ku Thekerani. Woyendetsa anali wang'oma yemwe uja, nkhope yachisoni ngati wabwera kumaliro a munthu wosamudziwa. Amuna anga anali atazemba kale, ati kukagula zingwe za gitala. Wodwala anamugoneka pamatilesi pakati pa mapoto ndi mitolo ya zovala, ana atakhala m'mbali atagwira nkhuku. Ine ndinatuluka kukathandiza, ndipo mawu ndinali nditawakonza bwino, monga ndimachitira. Ndinanyamula ndowa yawo n'kuyamba.

"Achemwali, amuna angawa ndi chitsiru, ine ndawauza kuti..."

"Asiyeni amuna anu," iwo anatero, osakweza mawu. "Zaka zonsezi bafa lanu lili kuseri kwa zenera langa, ndimawamva akuloweza. Aja sangapeke ngakhale dzina la galu. Mawu aja ndi okoma, mng'ono wanga. Ndinawazindikira asanamalize mzere woyamba."

Anandilanda ndowa ija m'manja, anaikweza okha, anakwera. Thirakitala inatsika kumtsinje n'kukwera tsidya lina pakati pa tiyi, ine ndili chiimire pakhomo lotsegula.

Kuyambira tsiku limenelo funso la pakhonde lija ndinkaliyankha kuti, "Kumunda kuli tiyi." Bandi yosabwereza nyimbo inayamba kubwereza nyimbo. Amuna anga ankatsinzina Lamlungu lililonse, palibe chotsika, mpaka anthu anayamba kubalalika mpira ukangotha. Mvula yotsatira isanagwe, wamagalasi anagulitsa sipika yake. Mphekesera inati wina wansanje analodza amuna anga, ndipo iwo eni anakhulupirira, anapita kwa sing'anga kawiri. Ukwati wathu nawo sunapitirire nthawi yaitali. Za achemwali ndinangomva kuti amuna awo anamwalira m'nyumba ya udzu ya mlamu wawo, ndipo mwana wamkulu anasiya sukulu. Kumaliro sindinapite, ndinachita manyazi.

Nyimbo zonse za bandi ija anthu anaziiwala, kupatula imodzi. Amene amandizindikira pamsika aja, ena samangolekera pa kufunsa. Amaima patsogolo pa nthochi zanga, kugwedeza mapewa, n'kundiyimbira ya dengu kuti ndikumbukire luso la amuna anga akale. Ndimamvetsera mpaka kumapeto, mwina asinthako kanthu. Sanasinthe liwu ngakhale limodzi, ili monga ndinainenera ndili ndi phazi m'beseni.