Ndine ndinaletsetsa nyimbo m'munda wa tiyi

Mpaka lero mwamuna wanga sadziwa kuti nyimbo zinaletsedwa pa esiteti pano chifukwa cha ine.

Kunabwera mzungu wachinyamata amene ankafufuza maganizo a anthu apantchito kuti akapate digiri yachiwiri kwawo. Poti ndili ndi satifiketi yauphunzitsi ya kumishoni, Bwana wa esiteti anandisankha kuti ndizimumasulira, mwana ali kumsana.

Mzunguyo anafunsa chifukwa chimene amayi othyola tiyi amachedwera dzuwa likafika paliwombo. Alamu anga a Esinati sanabise: "Muuzeni timakayamwitsa ana pamthunzi. Kodi iyeyo anakulira tiyi?"

Ndinaopa kuti aletsa makanda kumunda, mwinanso kutichotsa m'nyumba ya esiteti chifukwa cha mwanowo. Ndinamwetulira n'kunena m'Chingerezi changa chonyaditsacho kuti chimawachedwetsa ndi kuimba. Iye anagwedeza mutu ngati watola nzeru zakuya.

Pasanapite nthawi kapitawo analengeza kuti woimba aliyense sadzamulembera tikiti ya malipiro a tsikulo.

Ana akuyamwabe mobisa, koma amayi amathyola ali duu ngati pamaliro. A Esinati akandiona amafunsa, "Aphunzitsi, munamuuza chiyani mzungu uja?" Ine ndimangoyamba kumanga bwino nsalu ya mwana, yomwe sinamasuke n'komwe.

Ndiuzeni inu, kodi ndinachita bwino?