Kamtanda ka pa Mapu a Agogo Arlis

Delmer Sizemore anakumba malasha zaka makumi atatu, n'kutuluka mu mgodimo ndi chifuwa cholira ngati chitseko chakale. Atapuma ntchito, chomwe ankasamala n'chimodzi basi: manda a makolo ake pamwamba pa phiri, pomwe anagonanso mayi ake. Mwezi wa Meyi uliwonse ankakwera kukalambula ndi kuika maluwa pa miyala ija, miyala wamba yopanda ndi chilembo chomwe.

Chaka china chifuwa chinamugoneka m'chipatala miyezi isanu. Anamva ali komweko kuti kampani ya malasha yayamba kuphulitsa mapiri a kwawo pofuna malashawo, koma sanade nkhawa, poti lamulo limaletsa kukhudza manda.

Atatuluka anapeza phiri lawo kulibe. Kulibiretu! Miyala yoswekasweka yokhayokha, fumbi ndi fungo la dizilo, zonyansa. Chapatali, pomwe panali phiri lina, anasiyapo kachulu ka thengo katayima kokha.

Ku ofesi ya kampaniyo, injiniya wina wa nsapato zonyezimira anamuyalira mapu achikale, a mu 1926, odzaza timizere tosonyeza zitunda ndi zigwa.

"Bambo Sizemore, mtima pansi," anatero injiniyayo akumwetulira. "Manda anu tawasunga bwinobwino. Si aka kamtanda kosonyeza manda aka?" Kamtandako kanali pa kachulu ka thengo kaja.

"Pamenepo? Pa minga paja?" anakuwa Delmer. "Mwana iwe, ngakhale galu sitinakwirirepo!"

"Mapu sanama, bambo."

Mapuwo ananamadi, ndipo wowanamizayo Delmer ankamudziwa. Anali agogo ake, a Arlis. Ojambula mapu atabwera ndi zoyezera zawo n'kufunsa za manda, agogowo anawayesa akuba malo otumidwa ndi kampani, ndiye anawalozera dala phiri lolakwika. Nkhani imeneyi banja lonse linkaiseka chaka ndi chaka pamanda pomwepo, likudya nkhuku yokazinga. Delmer ndiye anali katswiri poifotokoza, akudzimenya pantchafu, ati agogo anapusitsa anthu ophunzira. Nzeru zake zimenezo? Mxii!

"Nanga dothi la phiri lathu munapita nalo kuti?" anafunsa, mawu atatsika.

"Tinakwirira nalo chigwa chakumunsi chija," anayankha injiniyayo, akupinda mapu mosamala ngati Baibulo.

Delmer anatuluka n'kulavula malovu akuda pakhomo pomwepo. Ananyansidwa ndi kampani, ananyansidwa ndi agogo ake, koma koposa zonse ananyansidwa ndi kuseka kwake kuja.

Meyi atakwana, anakayima pamwamba pa chigwa chokwiriridwacho, maluwa a mayi ake ali m'manja, osadziwa poti awaike.