Gumbagumba ya Munthu Wotengedwa

Chaka chimene chifuwa chinawatsitsa amuna anga m'bwato, tinagulitsa bwatolo pamodzi ndi matchera onse. Ndalama yake ndinaimanga pa kansalu, ndipo ndikaigwira m'manja mtima unkandiwawa, chifukwa inali yokwana chinthu chimodzi basi. Tikalakwitsa kugula, ndiye kuti talakwitsiratu, ana atatu ali pakhomo.

Iwo anati tigule gumbagumba. Masiku amenewo ukwati, tiyi pate, ngakhale tsiku lotuluka anyamata ku jando, zonse zinkafuna nyimbo, ndipo mwini gumbagumba ankalipidwa, kudya ankadyanso komweko. Ntchito yake ndi kukhala pampando, kuika mbale ya nyimbo, kutsitsa singano. Munthu wa chifuwa akhoza. Apo sindinatsutse. Mkangano unabuka pa funso lakuti tigule iti, popeza zinalipo ziwiri.

Yatsopano inali m'sitolo ya mmwenye ku boma ku Mangochi. Tinapita kukaiona. Inali yonyezimira, ikununkha katoni, sipika yake ili m'chivundikiro momwemo. Kalaliki wa m'sitolomo anaika mbale, ndipo mawu anatuluka oyera bwino koma ang'onoang'ono, oti pabwalo la ukwati nthungululu imodzi ikanawakwirira. Mtengo wake unkameza kansalu kanga konse. Mbale ayi, mabatire ayi, ngakhale ya basi yobwererera inali yokayikitsa. Amuna anga anaisisita m'mbali ngati akusisita ng'ombe ya eni. Ine ndinangoyang'ana kudenga.

Inayo panalibe munthu wa kugombe lathu la kum'mawa amene sankaidziwa. Mwini wake anabwera nayo kuchokera ku migodi ku Joni: bokosi lathabwa lolemera, sipika yapayokha imene ankaipachika mumtengo, ndi kereti yodzaza mbale. Sipikayo inang'ambikapo nthawi ina, iye n'kuimata ndi chigamba cha chubu cha njinga. Kuyambira pamenepo, nyimbo ikafika pa mawu a besi inkanjenjemera ngati munthu wa chimfine. Ukakhala kudimba n'kumva kunjenjemerako, unkadziwa kuti uje wayamba.

Koma uje anali atatengedwa. Galimoto ya apolisi inafika m'mawa wina iye akusoka ukonde, anakwera wosavala nsapato, basi. Ena ankanong'ona kuti anali ndi mbale wake pakati pa anthu amene anathawira kunja, ena kuti ankatsegula wailesi ya dziko lina. Chenicheni palibe anachidziwa, ndipo palibe anafunsa. Dzina lake linangozimirira pakamwa pa anthu. Ukafuna kumutchula unkaloza ndi chibwano kumene kunali nyumba yake.

Mkazi wake anali mnzanga. Iye Msilamu, ine wa ku mishoni, koma madengu athu a nsomba zowamba ankagundana pamsika kuyambira tili atsikana. Mwamuna atatengedwa, anthu anayamba kulambalala dengu lake ngati muli njoka. Ana ake anathamangitsidwa kusukulu. A yufi, anyamata a chipani, ankamuumiriza kugula khadi lachipani lake, la ana, ndi la mwamuna yemweyo amene anamutenga. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: tsiku lina potsuka madengu anandinong'oneza kuti gumbagumba ija akugulitsa, ndi mbale zake zonse, pa theka la mtengo wa kwa mmwenye.

Vuto linali apongozi ake, mayi wa wotengedwayo. Ankakhala mudzi wa patsidya pa dambo, mayi wamtali, wotsimphina, wosaseka wamba. Kwathu kuno, kaya ndinu a ku mzikiti kaya a ku tchalitchi, katundu wa mwamuna sapita m'manja mwa wina mwini ali moyo. Amagawidwa maliro atatha, kwa Asilamu ikapita sadaka ya arobaini, ya masiku makumi anayi. Abale ena atayamba kunena kuti nthawi yapita, mwina achite sadaka, mayiwo anawathamangitsa ndi chikuni. Anatenga gumbagumbayo, naisokera m'chiguduli ndi manja awo, sipika ndi mbale momwemo, n'kuikweza pa mitanda ya denga m'nyumba ya mpongozi wawo. Lachisanu lililonse ankadutsa dambo, kulowa, kuyang'ana m'mwamba, kumwa madzi n'kubwerera. Chigudulicho chikakhala pamalo pake, mwana wawo ali moyo. Mmene ankaonera iwo zinali choncho.

Kunyumba tinakangana sabata yathunthu. Amuna anga ankati chatsopano chilibe mbiri, palibe adzakufunse kuti unachitenga kwa yani. Ine ndinkawafunsa ngati ana adzadye kunyezimira. Iwo ankati za munthu wotengedwa zimanunkha, ine ndinkati njala imanunkha kuposa. Ndinali ndi pakamwa, ndipo ndikadali napo. Ndinawauza kuti gumbagumba yopanda mbale ndi bokosi losungiramo mazira, ndiponso kuti ndalama yathu ikapita kwa mmwenye ingolowa m'kabati, pamene kwa mnzangayo ibwezeretsa ana kusukulu. Anatsokomola, kenaka anati tikaiyese kaye.

Tinapita masana anthu ali kumadimba. Mnzanga anatseka chitseko, tinatsitsa chiguduli, anasomola ulusi mosamala kuti adzabwezere m'mabowo omwewo. Sipika tinaikulunga m'bulangete. Amuna anga anaika njere ya chimanga m'mphepete mwa chozungulira choikapo mbale kuti aone ngati chikuyenda mopendama. Njere inazungulira bwinobwino osagwa. Anakhudza singano ndi chala, sipika inayankha m'bulangetemo. Ataika mbale, mnzanga anatembenukira kukhoma. Nkhope ya amuna anga inali itasintha kale: iyi inali gumbagumba, ija ya kusitolo inali chidole.

M'chiguduli muja tinaikamo makereti awiri opanda kanthu ndi njerwa, mnzanga anasokanso, tinakweza. Polandira ndalama sanaiyang'ane. Anangondigwira dzanja.

"Chemwali, kalizeni kulikonse. Ku Chowe, ku Katuli, kutsidya kwa Shire, kulikonse. Koma kuno ayi. Amayi aja mwendo ndi umene unafa, makutu ali moyo."

Tinalonjeza. Tinaitulutsa pansi pa dengu la nsomba, pa njinga, titafunditsa masamba a nthochi.

Lonjezolo tinalisunga, ndipo linatidya miyendo. Maukwati a pafupi tinkawakana, n'kumavomera akutali. Msewu wa ku Katuli ndimaudziwa ndi khosi langa, chifukwa sipika ndinkasenza ndine, iwo akukankha njinga, akuima pa chitunda chilichonse kuti apume. Mbale tinkazikulunga m'nsalu yonyowa kuti dzuwa lisazipinde. Amuna anga anayesa kumatula chigamba chija n'kumata china, koma chimfine sichinachoke. Sipika ina yoti tigule kunalibe. Kumene tinkapitako ena ankaizindikira ndithu, ndinkaona mmene ankayang'anirana, koma nthawi imeneyo anthu anali akatswiri a kusadziwa. Ana athu ankadya. Ana a mnzanga anabwerera kusukulu. Ndinkaganiza kuti tapambana.

Kenaka kunabwera atcheyamani a chipani a dera lathu. Anakhala pa mpando wa amuna anga osaupempha. Anati kukubwera mlendo wamkulu wochokera ku boma, msonkhano udzakhala pabwalo la sukulu, ndipo gumbagumba idzalire kuyambira m'mawa kuti anthu asonkhane. Sukuluyo inali m'mudzi mwa mayi aja, nyumba yawo ikuonekera pabwalo pomwepo.

Amuna anga anati mabatire anatha. Atcheyamani anatsegula chikwama n'kutulutsa atsopano, ali m'pepala lake. Amuna anga anati singano yabuntha, ingachititse manyazi pamaso pa mlendo. Atcheyamani anamwetulira.

"Kodi achimwene, gumbagumba yanuyi imadziwa maukwati okha? Chipani sichiidziwa? Kapena inatengera mwini wake woyamba?"

Nkhani inathera pomwepo. Ankadziwa, ndipo ankafuna tidziwe kuti akudziwa.

Ndinathamangira kwa mnzanga. Anayesa kunyengerera apongozi ake kuti awaperekeze kuchipatala cha ku mishoni tsiku limenelo, akaonetse mwendo. Mayiwo anakana, anati ali ndi nsomba zoti awambe, zingaole. Komanso tsiku la msonkhano a yufi ankatseka njira zonse, munthu sankachoka m'mudzi. Okalamba okha ndi amene ankasiyidwa pakhomo.

Tsikulo ndinakhala padzuwa pakati pa amayi, tonse titavala nsalu ya chipani, mnzanga ali pambali panga. Amuna anga anali patebulo pansi pa mtengo wa mango. Anasankha mbale imene tinagula tokha, imene mwini wake sanailizepo, ndipo anatsitsa mawu mpaka pansi. Wa yufi wina anakwera mumtengo, anapachika sipika pa nthambi yapamwamba, atatsika anapotokola yekha kabatani. Besi inalowa. Chimfine chija chinamveka mudzi wonse mpaka kudambo.

Nyimbo isanafike pakati tinamva nthungululu kumbuyo kwa sukulu. Anali apongozi a mnzanga aja. Ankathamanga, mwendo wodwalawo ukukokeka m'fumbi, kumutu kulibe mpango, mayi amene tsitsi lawo sindinalionepo chibadwire. Manja anali akuda ndi utsi. Amayi ena anayesa kuti akululutira chipani, nawonso anayamba kululuta. Iwo anadutsa pakati pathu, anadutsa kutsogolo kwa mipando ya akuluakulu osagwada, akuitana mwana wawo ndi dzina lake la paubwana. Dzina limene panalibe analitchula poyera chitengedwere chake linamveka bwalo lonse. Nthungululu zija zinazima imodzi imodzi.

Atafika patebulo anapeza amuna anga. Anayang'ana kumbuyo kwawo, anayang'ana kuseri kwa mtengo. Kenaka anagwira bokosilo pakona pamene panapsa ndi nyali kalekale, anapasisita ndi chala. Mbale inali ikuzungulirabe. Anagwada pansi pang'onopang'ono. Ndinali pafupi, ndinamva zonse, chifukwa sanakuwe.

"Bambo, mwamva kwa yani? Katundu wake wagawidwa, ndiye kuti mawu afika. Ine mayi wake sanandiuze." Anakweza maso. "Anamuika kuti? Anamusambitsa ndani?"

Amuna anga anatsegula pakamwa, panatuluka chifuwa. Akanati chiyani? Kuti ali moyo sankadziwa. Kuti anafa sankadziwa. Kuti mpongozi wanu anagulitsa mobisa, atcheyamani ali chiimire pomwepo? Zala za mnzanga zinali zitalowa m'mkono mwanga, mabala ake ndinayenda nawo masiku.

Mayiwo anatenga kukhala chete kwawoko ngati yankho. Ananena mawu amene Asilamu amanena akamva za imfa, kenaka anayamba kulira maliro, kulira kwenikweni kwa mayi, manja ali kumutu. Kulira munthu wotengedwa unali mlandu. Tonse tinaweramitsa mitu, aliyense akuyang'ana nsalu yake. Galimoto ya mlendo inali itayamba kumveka kumsewu. Atcheyamani anawerama pa khutu la amuna anga.

"Kwezani."

Anakweza. Inali nyimbo yovina, ya chisangalalo. A yufi awiri anawanyamula mayiwo m'khwapa kupita nawo kuseri kwa sukulu, pakamwa pawo pali yasa, koma mawu osamveka. Ife tinaimirira n'kuvina, chifukwa mlendo anali atafika. Mpaka lero ndikakumbukira kuvina kumene kuja ndimapsa mtima, ndipo sindidziwa kuti ndiupsere yani poyamba.

Mawa lake mnzanga anapita kukagwada kwa apongozi ake. Anawauza zonse, kuti palibe mawu anafika, kuti anagulitsa chifukwa cha ana, anawatengera kunyumba n'kuwaonetsa makereti ndi njerwa. Mayiwo anayang'ana, nati amva, asavutike kuwabisira, iwo ndi munthu wamkulu. Sanakalipe. Anaitana abale aja anawathamangitsa ndi chikuni, anaphika mpunga pang'ono, shehe anabwera mozemba ngati wodutsa, sadaka inachitika zitseko zili zotseka. Lachisanu sanadutsenso dambo. Za mwana wawoyo sitinamve kanthu, nthawi imeneyo ngakhale pambuyo pake zinthu zitasintha.

Patapita masiku sadaka itachitika, ndinawaona akubwera kwathu, mpango uli kumutu. Ndinawayalira mphasa ndikudikira matemberero, ndipo ndikanawalandira bwino kuposa chimene anabweretsa. Anapempha amuna anga. Anamasula mfundo ya pakona ya nsalu yawo, mfundo yakuda ndi thukuta, yooneka kuti sinamasulidwe nthawi yaitali. Munali kapepala, m'kapepalamo singano ziwiri za gumbagumba, zatsopano. Anati mwana wawo anawasungitsa atangobwera ku Joni, ndipo ankayenda nazo kuti adzamupatse pofika.

"Izi zinatsalira, bambo. Katundu wa malemu sagawa theka."

Madzi amene ndinawapatsa sanamwe. Anatsanzika, n'kumapita akutsimphina.

Singano yathu inali itabunthadi, mbale zinali zitayamba kulira mchenga. Amuna anga anakhala ndi kapepalako m'manja mpaka dzuwa linasuntha pakhonde. Loweruka tinali ndi ukwati ku Chowe, ndipo anaika imodzi.