Chilatini pa Thabwa la a Hamadi

Alamu anga a Hamadi sukulu analekezera Sitandade 2, ndipo sachita manyazi kunena. Chiyambire unyamata wawo ntchito ndi imodzi: kupalasa njinga kupita kunyanja ya Chiuta, kukapikula matemba ndi milamba yowamba, n'kudzagulitsa pamsika wa Nselema. Anakwatira mkulu wanga ndipo nyumba zathu n'zoyang'anana, choncho zawo ndimazidziwa ngakhale zimene sanandiuze. Salankhulalankhula, koma pa makani palibe angawathe.

Mwana wawo wachiwiri, Lukiya, anasankhidwa kupita ku yunivesite ku Zomba. Ife tinkati akakhala namwino kapena loya. Atabwera pa holide anatiuza kuti akuphunzira Chilatini, chinenero cha ku Roma wakale, pamodzi ndi mbiri ya nthawi imene anthu akumeneko anathamangitsa mafumu n'kumadzisankhira atsogoleri. Ndinamufunsa kuti amalankhula nacho ndi ndani. Iye anati palibe, eni ake anatha kalekale. Ndinaseka mpaka misozi, sindibisa. Alamu sanaseke. Anangoti, "Chiarabu cha m'Buku lathu lopatulika nachonso sitigulira tomato."

Chaka chachiwiri zinthu zinavuta. Lukiya analephera mayeso omasulira nkhani za Chilatini. Anamuuza kuti akalembenso pakatha milungu isanu, ndipo akalepheranso ndiye kuti sukulu yathera pomwepo. Anafika atagwa nkhope, n'kudzitsekera m'nyumba ndi mabuku, tsiku lonse kuli zii. Masiku atatu alamu ankangomuyang'ana. Tsiku lachinayi njinga anaitsamiritsa kukhoma.

"Iwe Lukiya, ukuwerenga kapena ukudwala?"

"Ndikuwerenga, ababa."

"Nanga bwanji sindikumva? Mawu osatuluka pakamwa alowa bwanji m'mutu?"

Anakatsitsa kudenga thabwa limene ankaphunzirira ku madrasa, sukulu ya Chisilamu, ali mwana, n'kulikwecha ndi mchenga. Inki anapanga ya mwaye wa kunsi kwa mphika, cholembera anasema cha bango. Malamulo anali a mwalimu wawo wakale: lemba mizere isanu, uwerenge mokweza mpaka ikhazikike m'mutu, kenako unene tanthauzo lake kwa munthu wosaphunzira. Akamvetsa, ndiye utsuke thabwa ulembe ina. Lukiya anawiringula kuti ku yunivesite sachita choncho.

"Eya," anatero alamu, "n'chifukwa chake wabwera."

Kuyambira pamenepo, akangomaliza swala, pemphero la m'mawa, awiriwa ankakhala pamphasa pakhonde, mwana akuyimba Chilatini chake, bambo atatsinzina. Anthu opita kudimba ankaima panjira kumvetsera, ena n'kumanong'ona kuti mwana wa a Hamadi wabwera ndi mapemphero achilendo. Chodabwitsa n'chakuti alamu, osadziwa liwu ndi limodzi lomwe, ankamugwira akadumpha. "Iyayi, bwerera. Poyamba paja pamenepo panali mawu ena aatali." Akayang'ana pathabwa, zinalidi choncho.

Pa tanthauzo ndiye panali nkhondo, chifukwa alamu ankayamba makani ndi anthu akufa aja. Atamva kuti ankasankha atsogoleri awiri olamulira chaka chimodzi, aliyense ndi mphamvu yoletsa mnzake, anapukusa mutu. "Njinga ya oyendetsa awiri imathera m'ngalande. Wawerenga bwino?" Atamva kuti osauka anakwiya n'kutuluka mumzinda kukakhala paphiri mpaka olemera anachita kukawanyengerera, anawomba m'manja. "Amenewo ndiye anthu! Nanga anauza ndani, anapepesa ndani? Usandinamize." Kuti awayankhe, Lukiya ankabwereranso pathabwa, chala pa liwu lililonse, kufufuza amene akuchita ndi amene akuchitiridwa. Nthawi zina ankapsa mtima n'kulowa m'nyumba, koma pasanapite nthawi ankatulukanso ndi yankho.

Nkhani ina inabuka pa madzi. Ku madrasa madzi otsukira thabwa satayidwa paliponse, poti amakhala atanyamula mawu opatulika. Mkulu wanga anaima ndi beseni m'manja kufunsa kuti nanga awa atani nawo. Alamu analingalira nthawi yaitali ndithu. "Si a Mulungu," anatero, "koma mwana wawavutikira. Kathirireni papaya." Papayayo ankamwa Chilatini kawiri pa tsiku.

Lukiya anapita kukalemba, ife n'kutsala ndi mtima m'mwamba. Alamu anabwerera ku njinga yawo osatchulako za mayeso, koma foni, imene kale ankaiiwala pazenera, tsopano inkakhala m'thumba la malaya.

Inalira tili pamsika, ine ndi tomato wanga pambali pawo. Alamu amakweza foni ngati wailesi, choncho ndinamva zonse.

"Ababa, ndakhoza! Ndapeza malikisi 61 pa 100."

"Enawo anapita kuti?"

"Ababa inunso!"

"Chabwino. Udye mokwanira."

Anabweza foni m'thumba ngati palibe chachitika. Ine ndinalulutira mpaka a mabenchi ena kutembenuka, chifukwa chimwemwe chinandikwana. Apo n'kuti mayi wina ataima kale akufuna mulu umodzi wa matemba. Alamu anatenga jumbo n'kuyamba kuthira. Anathira mulu woyamba, wachiwiri, wachitatu, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Basi, bambo, basi! Ndati umodzi!"

"Tengani, mayi," anatero alamu, akuthirabe. "Mwana wanga akubwerera kusukulu."