Lamulo Lomaliza la a Namakhwa

A Laurenti Namakhwa ankayenda wapansi tsiku lililonse kuchoka ku Ndirande kupita ku Makata, kukampani yathu yaing'ono yosindikiza mabuku. Ntchito yawo inali yosaka zolakwika. Ine ndinkatayipa, iwo n'kumandibwezera mapepala ali psuu ndi bolopeni yofiira. Kunena zoona, ankanditopetsa.

Pakhoma anamatapo malamulo a kalembedwe ka manambala. Kuyambira chimodzi mpaka zisanu ndi zinayi, lembani m'mawu. Kuyambira 10, lembani manambala. Osayamba chiganizo ndi nambala. Lamulo lomaliza analilemba pamanja: pa pulogalamu ya maliro, zaka za womwalira zilembedwe m'mawu, kaya zitalike bwanji.

Tsiku lina ndinawadandaulira. "Bambo, masiku ano ndani amawerenga makumimakumi? Anthu amangoti sikisite-faifi, basi."

Anavula magalasi. "Helena, mwana wanga Sheila atamwalira, pa pulogalamu analemba 19, ngati nambala ya puloti. Wowerenga mbiri anangoti nayintini, n'kupitirira. Koma ine ndinamulera zaka khumi kudza zisanu ndi zinayi. Munthu azichedwako pang'ono pakamwa pathu."

Sindinawatsutsenso.

A Namakhwa anamwalira chaka chatha, atangopuma ntchito miyezi itatu. Pulogalamu ya maliro awo inagwera ine. Akubanja anabweretsa nyimbo ndi mayina ambiri, moti nditalemba zaka zawo m'mawu, mzere umodzi unasowa malo.

Bwana wathu watsopano Raymond, mwana wa mwini kampani, anasuzumira pakompyuta. "Ingoikanipo 78, anti, nthawi yatha. Malamulo aja anapita ndi eni ake."

Mtima unandiwawa. Atangotuluka, ndinafufuta mzere wapansi, wa dzina la kampani ndi nambala ya foni, umene Raymond salola kuti usowe ngakhale pa khadi la ukwati. Ndinadziwa kuti Lolemba ndikayankha mlandu, koma ndinasindikiza choncho.

M'tchalitchi, Raymond anatembenuza pepalalo, anayang'ana pansi pake, kenako anandiyang'ana ine. Sindinazolike.

Mkulu wa mpingo anawerenga mbiri mothamanga, poti mvula inkaopseza. Atafika pa zaka anadodoma, anayandikiza pepala kumaso, n'kuyamba mawu amodziamodzi: "Makumi asanu ndi awiri, kudza zisanu ndi zitatu."

Mayi Namakhwa ankagwedeza mutu pa liwu lililonse. Mkuluyo anachedwa ndithu, ndipo ine m'pamene ndinalira.