Nkhwazi ya a Jaffalie

A Jaffalie a ku Nkhudzi anakalamba akujambula maukwati, koma kamera yawo inali ndi chimasomaso: mkwatibwi ali apa, iyo ili pa nkhwazi ya mumtengo. Anthu ankawaseka, iwo osasamala.

Atathyoka mwendo n'kugonekedwa m'chipatala, khoma loyera la m'menemo linawafooketsa, chakudya n'kumabwerera chosakhudza. Akazi awo, a Mwanamvua, anawabweretsera zithunzi za mbalame zija. Asanamate n'komwe, anamwino analetsa, ati khoma ndi la boma.

"Chabwino, amayi," anatero a Jaffalie kwa anamwinowo. "Koma netiyi ndabwera nayo ndekha."

Anazikoleka ndi mapini m'kati mwa neti, nkhwazi pamwamba penipeni. Masana ake anaseseratu mbale yawo ya mpunga, n'kuyamba kuyang'anitsitsa ya akazi awo.